Lipoti la dandaulo la aneba: shedi yowotcherera, khola la nkhuku ndi uvuni wa makeke m'dera la nyumba zogona

Dandaulo

Kalata yodandaula inafika ku ofesi yathu ya mapulani ku khonsolo itasainidwa ndi mabanja asanu a mumsewu umodzi. Anailemba ndi bambo ena opuma pa ntchito ya boma, ndipo pempho lawo linali lachindunji: khonsolo itseke mabizinesi onse ochitikira m'nyumba za mumsewuwo, chifukwa pa mapu a mzinda derali ndi logona anthu, si msika. Anatchula maploti atatu. Pa ploti yogundana ndi yawo panali shedi yowotcherera zitsulo. Kuseri kwa mpanda wawo wakumbuyo mayi ena ankaweta nkhuku za mabroila. Kutsidya kwa msewu mayi enanso ankaphika makeke a maukwati ndi masikono, nthawi zina n'kumasokanso mayunifolomu a ana asukulu.

Sinditchula mzinda, dera kapena dzina la munthu aliyense, popeza anthuwa akadali aneba ndipo amakumana pamaliro ndi pagolosale. Ndingonena kuti derali ndi la maploti apakatikati, ngati amene mungawapeze ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Zomba: mipanda ya njerwa, nyumba ya zipinda zitatu kutsogolo, boyizikota kumbuyo, ndi msewu wafumbi woti galimoto ziwiri zimapatukirana movutikira.

Ndalemba nkhaniyi mwatsatanetsatane chifukwa madandaulo otere akuchuluka, ndipo njira yachidule, yolemba makalata atatu ofanana n'kukawasiya pa mageti tsiku limodzi, ndi yoipa. Imalanga wosalakwa pamodzi ndi wolakwa, komanso munthu akakasuma siichedwa kugwa. Pa dandaulo lotere ine ndimafufuza chinthu chimodzi: n'chiyani chikudumpha mpanda kupita kwa mnzake? Phokoso, fungo, utsi, madzi oipa, galimoto zotseka njira, ngozi. Kupanga ndalama pakhomo pakokha sikuvutitsa neba.

Malamulo amene tinagwiritsa ntchito

Lamulo lalikulu pa nkhani zotere ndi Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Anthu ambiri amaganiza kuti chilolezo cha khonsolo chimafunika pokhapokha munthu akamamanga. Sizili choncho. Kusintha kwambiri ntchito ya malo kapena ya nyumba kumawerengedwanso ngati chitukuko chofuna chilolezo, ngakhale pasanaikidwe njerwa ndi imodzi yomwe. Nyumba yogona ikasanduka loji, sukulu ya mkaka, ofesi kapena galaja, mwini wake ayenera kuyamba wapempha chimene tonse timangochitcha change of use. Kaganizidwe kameneka tinakatengera ku Britain, ku lamulo lawo la mapulani la 1947, ndipo ngakhale kwawoko funso lovuta ndi lomwelo: kusinthako kumakhala kwakukulu pofika pati? Mayi osoka pakhonde ndi makina amodzi sanasandutse nyumba kukhala fakitale. Munthu wa makina ambiri, antchito ndi lole zobweretsa katundu wasandutsa. Pakati pa awiriwa palibe mzere wolembedwa. Woyendera malo ayenera kupita yekha, kuona, n'kulemba zimene waona.

Pambali pa lamulo la mapulani pali Public Health Act, limene limapatsa khonsolo mphamvu yothetsa zinthu zosowetsa mtendere ndi zoika moyo wa anthu pachiswe, monga fungo, zinyalala ndi madzi oipa. Palinso Environment Management Act la 2017 pa nkhani zoononga chilengedwe. Ndiye pali lizi ya ploti. Maploti ambiri a m'mizinda anaperekedwa pa lizi ya zaka 99 kuchokera ku Unduna wa za Malo kapena ku Malawi Housing Corporation, ndipo m'lizimo mumalembedwa ntchito imene malowo anaperekedwera. Eni malo ambiri sanaiwerengepo mfundo imeneyi chilandirireni pepalalo.

Mbali inayo ilinso ndi lamulo, ndipo ndi lamulo loposa onsewa. Gawo 29 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wochita bizinesi, kugwira ntchito ndi kupeza zofunika pa moyo wake paliponse m'Malawi muno. Ufuluwu uli ndi malire, koma malirewo ayenera kukhala omveka ndi ofunikiradi. Gawo 43 limati munthu amene chigamulo cha ofesi ya boma chikumukhudza ayenera kuchitiridwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Ofesala amene amaiwala magawo awiriwa amadzawakumbukira atalandira kalata ya loya kapena ya Ombudsman.

Tisaiwalenso kumene mapu athu anachokera. Mizinda yathu inajambulidwa mogawa ntchito patalipatali: kogona uku, kogulitsa uko, kwa mafakitale kutsidya. Lilongwe ndiye chitsanzo choonekeratu. Bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968 ndipo likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, mzindawo unagawidwa m'maeriya a manambala, mafakitale n'kukankhidwira ku Kanengo. Pulani imeneyi inkaganizira munthu wolembedwa ntchito, wodzuka m'mawa kupita ku Capital Hill n'kubwerera madzulo. Pofika kalembera wa 2018, mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 990,000 ndipo wa Blantyre pafupifupi 800,000, ndipo aliyense woyenda m'makwalala amadzionera yekha kuti ambiri mwa iwo amadya za manja awo. Titati titsate mapu mwakhungu, m'misewu ina tingalembe kalata geti lililonse.

Zimene tinapeza pa shedi

Ndinapita ndi mnzanga wa ku dipatimenti ya zaumoyo, osauza aliyense tsiku. Ulendo wina tinapita m'mawa kwambiri, wina madzulo, chifukwa malo otere ukawachezera masana a tsiku lodziwika umapeza posesedwa, makina atazimitsidwa.

Mwini bizinesi ndi bambo wa zaka za m'ma 30, wa luso lenileni, wokhala ndi satifiketi ya ntchito yake. Nyumbayo amachita lendi. Poyamba anali ndi kashopu pafupi ndi msika, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zitsulo ndi ya ma rod owotcherera inakwera, lendi ya shopu nayo inakwera, ndiye anasamutsira makina kunyumba. Anauza aneba kuti n'za miyezi iwiri chabe. Pamene dandaulo linkafika n'kuti patadutsa nthawi yoposa pamenepo kwambiri, ndipo ntchito inali itakula.

Shediyo inali ya malata, yotsamira pa mpanda wa malire. M'katimo munali makina awiri owotcherera, ma grinder awiri, kompresa yopopera penti ndi tebulo lachitsulo lodulirapo. Anyamata atatu ankagwira ntchito, mmodzi wolipidwa, awiri ophunzira. Ankapanga mageti, mabagalabazi, mafelemu a mawindo ndi zitseko. Machubu achitsulo amabwera aatali mamita 6, ndipo mumsewu wopapatiza ngati uja lole ikaima kutsitsa palibe galimoto imene imadutsa. Mageti omalizidwa ankawatsamiritsa kunja kwa mpanda, pamwamba pa ngalande, kuti penti iume komanso kuti odutsa aziona. Ntchito inkayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa. Magetsi akazima masana n'kuyaka usiku, makina nawo ankayaka usiku womwewo, chifukwa kasitomala amafuna geti lake Loweruka.

Kuchokera pa tebulo lodulirapo kufika pa windo la kuchipinda kwa bambo odandaula panali mamita anayi okha. Grinder ikamadula chitsulo imalira pafupifupi madesibelo 100 (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupi ndi woigwira, ndipo panja phokoso limatsika ndi madesibelo 6 okha mtunda ukawirikiza kawiri. Mpanda wa njerwa umachotsako pang'ono, koma malata a shedi ankalibweza phokosolo n'kulikweza pamwamba pa mpanda. Titayeza tili pa windo, chida chinkasewera chapafupi ndi 80. Malangizo a bungwe la World Health Organization a 1999 amaika 55 ngati mlingo umene anthu amayamba kusautsika kwambiri masana panja pa nyumba, ndi 45 usiku kunja kwa chipinda chogona. Kwa khutu la munthu, madesibelo 10 aliwonse owonjezera amamveka ngati phokoso lawirikiza kawiri, choncho kusiyana kwa 55 ndi 80 si kwa masewera. Tinayesa kuyankhulana m'chipindamo windo lili lotseka ndipo tinkachita kukuwa.

Mayi a m'nyumbamo sanatsutsane nafe za manambala. Anangotitengera kuchingwe choyanikira zovala n'kutionetsa malaya oyera a sukulu a mdzukulu wawo. Paphewa ndi pamsana panali timadontho tofiira ngati tautsi, tosachoka ndi sopo. Inali penti yoyambira ija yofiira imene amapopera pa zitsulo kuti zisachite dzimbiri. Timadontho tomweto tinali pa galasi la galimoto, pa masamba a mpiru m'kadimba ka kuseri, ndi pa chivindikiro cha ndowa ya madzi. Chimene chimagwera pa malaya chimalowanso m'mapapo. Umboni umenewu unandikhudza kuposa wa phokoso, ndipo ndinaujambula n'kuuika m'failo.

Panalinso zina. Makina owotcherera ankakoka moto pa laini ya nyumba wamba, ndipo aneba awiri anati akayatsa mababu awo amaphethira. Ana a mumsewu ankaima pageti kuonerera kuwala kwa moto wowotcherera, kumene kumapsereza maso munthu n'kugona akulira ngati mwalowa mchenga. Anyamata a pa shedi analibe zotchinga m'makutu, chonsecho phokoso lopitirira madesibelo 85 tsiku lonse limagonthetsa pang'onopang'ono. Zitini za thina, mankhwala osungunulira penti osachedwa kuyaka, zinali pafupi ndi pamene nthethe za grinder zimagwera, ndipo chozimitsira moto panalibe.

Nditafunsa za chilolezo, mwini shedi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu yosungidwa bwino. "Bwana, ine mapepala ndili nawo onse, sindine wakuba." Munali satifiketi yolembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi satifiketi yake ya luso. Sankanama. Ankakhulupiriradi kuti boma lamuloleza. Ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera kuti pepala loyamba limanena kuti bizinesi ilipo ndipo dzina lake ndi lakuti, lachiwiri limanena kuti amakhoma msonkho, koma palibe limene limanena kuti ntchito imeneyi ichitikire pa ploti ino. Kusokonezeka kumeneku ndimakupeza pafupifupi pa nkhani iliyonse yotere, ndipo ofesala akafika ndi ukali asanafotokoze, munthu amangoona ngati akufunidwa ziphuphu.

Alandilodi amakhala mzinda wina. Pa foni poyamba anati sakudziwa chilichonse, koma kenako anavomera kuti anawonjezera lendi chifukwa cha shediyo. Nditawawerengera mfundo ya mu lizi yawo yonena kuti ploti ndi ya nyumba yogona basi, mawu awo anasintha.

Pa shedi sindinakayike. Kuchuluka kwa makina, antchito, maola, katundu wolowa ndi wotuluka, zonse zinkasonyeza kuti theka la ploti lasanduka malo opangira zinthu.

Khola la nkhuku ndi uvuni

Kwa mayi a nkhuku nkhani inali ina. Khola linamangidwa mogundana ndi mpanda wakumbuyo wa bambo odandaula, ndipo munali mabroila pafupifupi 400. Mabroila amakula m'masabata asanu ndi limodzi, ndiye mayiwa ankangoti gulu lina likatuluka lina lilowe, khola osapuma. Utuchi wapansi unali wonyowa chifukwa zomwera zinkadontha, ndipo utuchi wonyowa wosakanikirana ndi zitosi ndi umene umatulutsa fungo loboola mphuno lija. Zitosi zochotsedwa ankaziunjika pakona kudikira ogula manyowa. Nyengo yotentha ntchentche imachoka pa dzira kufika pouluka m'sabata imodzi kapena masiku khumi, choncho mulu wokhala mwezi umaswa mibadwo ingapo. Choipitsitsa chinali tsiku lopha. Nkhuku zambiri ankaphera pomwepo, ndipo madzi a magazi ndi nthenga ankatsata kangalande kodutsa pansi pa mpanda kulowa kwa aneba.

Mayiwa ndi amasiye, ndipo nkhukuzo ndi zimene zimalipira fizi ya ana awiri. Sanakane chilichonse. Anangofunsa kuti, "Nanga nditani, achimwene?" Funso limeneli ndimalikonda kuposa malonjezo, chifukwa limatsegula njira. Apa tinaona kuti vuto likhoza kutha popanda kupha bizinesi yonse, ndipo lamulo loyenera kutsogolera linali la zaumoyo. Khola lichoke pa mpanda wa malire. Pakhomo pakhale nkhuku zosapitirira 100. Chiwerengerochi sichinachokere m'buku la malamulo. Tinachipeza poyeza malo amene khola latsopano lingakwane kutali ndi malire, potengera kuti mabroila amafuna sikweya mita imodzi pa nkhuku khumi zilizonse. Zitosi zilowe m'matumba n'kuchoka sabata iliyonse, ntchentche zisanaswane. Kupha nkhuku zogulitsa pa ploti kuthe, ndipo kangalande katsekedwe.

Za mayi a makeke ndilibe zambiri zolemba. Uvuni umodzi m'khitchini, makina osokera amodzi, wothandiza ndi mwana wa mchemwali wawo amene amakhala pomwepo. Makasitomala amabwera mmodzimmodzi kudzatenga oda. Titaima panja pa mpanda sitinamve kapena kuona chilichonse chosiyana ndi nyumba ina iliyonse. Ndinalemba kuti pa ploti imeneyi palibe kusintha kwa ntchito ya malo. Mnzanga wa zaumoyo anawalangiza za laisensi ndi za kukayezetsa kwa ogwira zakudya, basi. Nditafunsa odandaula chimene mayiwa awalakwira, yankho linali lakuti akasiyidwa ena adzatengerapo mwayi. Munthu salangidwa chifukwa cha zimene wina angadzachite.

Msonkhano wa aneba

Tisanapereke nkhani ku komiti ya mapulani tinaitanitsa msonkhano pakhomo pa amfumu a m'deralo, khansala wa wodi alipo. Anzanga ena amati misonkhano yotere ndi yotaya nthawi popeza lamulo lilipo kale. Ine sindigwirizana nawo. Pamsonkhano sitikambirana ngati lamulo ligwire ntchito kapena ayi. Timapita kukamva mbali zonse monga gawo 43 limafunira, ndi kukapeza zimene pepala silingatiuze, makamaka nthawi imene munthu angafune kuti asamuke osagwa.

Bambo odandaula anayankhula modekha. "Ife tinagula malo kuno ndi ndalama za penshoni podziwa kuti ndi kogona. Tikanafuna phokoso tikanakamanga pafupi ndi depoti." Anali ndi mfundo, ndipo ndikufuna kuti imveke bwino, chifukwa pa nkhani zotere chifundo chimathamangira kwa wochita bizinesi, wodandaula n'kumaoneka ngati wansanje. Munthu amene waika chuma cha moyo wake wonse m'nyumba anakhulupirira mapu a khonsolo. Mapuwo ndi lonjezo, ndipo tikalephera kulisunga ndiye kuti palibenso chifukwa choti wina aliyense azibwera kudzapempha chilolezo.

Mwini shedi anayankha mokwiya pang'ono. "Adadi, inu mumalandira penshoni mwezi ndi mwezi. Ine ndikatseka, anyamata atatuwa adya chiyani? Geti lanulo anawotcherera ndani litathyoka?" Zinali zoona, anawawotcherera geti ulere chaka chomwecho. Amfumu anadula mkanganowo ndi mawu akuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, ndipo anapempha kuti aliyense anene chinthu chimodzi chimene sangapirire. Mabanja anayi mwa asanu anatchula phokoso la usiku ndi penti. Banja limodzi linatchula ntchentche. Palibe amene anatchula makeke. Mayi ena mwa osaina anavomera kuti keke ya ukwati wa mwana wawo inaphikidwa pomwepo, ndipo anasaina kalata chifukwa cha shedi yokha.

Pamsonkhano pomwepo mwini shedi ananenanso kuti ngati ndi malamulo, bambo odandaula ali ndi zipinda ziwiri za lendi kuseri zimene zinamangidwa popanda pulani, ndipo mmodzi mwa osaina amagoneka maminibasi atatu mumsewu. Ndinalemba zonsezi ndipo ndinanena pamaso pa onse kuti zidzatsegulidwira mafailo akeake. Sindinalole kuti zikhale zosinthanitsa, zoti iwe ukhale chete pa changa nane ndikhale chete pa chako. Mgwirizano wotere umatha tsiku limene mmodzi wasamuka, ndipo wobwera kumene amalowa m'mavuto amene sanawayambe.

Chigamulo ndi mmene chinayendera

Tinalangiza mwini shedi ndi alandilodi ake kuti ali ndi ufulu wopempha change of use, ngakhale sindinawabisire kuti ine ndidzalemba zotsutsa. Anapempha. Komiti inakana, ndipo zifukwa zinalembedwa chimodzichimodzi: phokoso loposa mlingo pa windo la neba, penti youluka, chiopsezo cha moto, kutsekeka kwa msewu ndi ngalande, komanso kuti ploti ndi yaing'ono moti palibe pamene shedi ingasunthidwire kuti mavutowa athe. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri. Kuloleza bizinesi poikapo mfundo zoti mwini wake azitsatira kumathandiza pamene vuto lingachepetsedwe, monga zinalili ndi nkhuku. Grinder pa mamita anayi kuchokera pa bedi la munthu ilibe mfundo yoikonza.

Kalata yolamula inapita kwa onse awiri, mwini ploti ndi wochita lendi, ndipo aliyense anasainira kuti walandira. Kupereka kwa mmodzi yekha kumapatsa winayo pothawira. Tinaigawa m'magawo. Kupopera penti ndi kugwira ntchito usiku kapena Lamulungu kuthe tsiku lomwelo. Mageti ndi zitsulo zichoke mumsewu ndi pa ngalande m'masiku 7. Makina onse ndi shedi zichoke m'masiku 90. Tinalembamonso zimene akuloledwa kupitiriza pakhomo, monga kulandira maoda pa foni, kulemba makoteshoni ndi kusunga zida zazing'ono m'nyumba, kuti pasadzakhale dandaulo lina tsiku limene neba wamuona atanyamula tepi yoyezera. Pansi pake tinafotokoza za ufulu wake wochita apilo ndi nthawi yake. Sanachite apilo.

Bambo odandaula sanakondwe ndi masiku 90. Anabwera ku ofesi kudzafunsa chifukwa chimene munthu wopezeka wolakwa akupatsidwa miyezi itatu. Ndinawafotokozera kuti mnyamatayo anali atalandira madipoziti a mageti a anthu, ndipo kumutsekera lero kukanabala anthu ena odandaula, mwinanso mlandu kupolisi. Malo okhala ndi magetsi okwanira makina owotcherera sapezeka m'sabata imodzi. Ndaonanso kuti munthu wotsekeredwa mwadzidzidzi sasiya ntchito. Amangokokera makina m'boyizikota, n'kutseka zitseko, phokoso n'kumapitirira, ngozi ya moto n'kukula. Zimene zinkawasowetsa tulo zinali zitaletsedwa kale kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinawapempha kuti akamva grinder usiku alembe tsiku ndi ola. Analemba kamodzi kokha, sabata yachiwiri. Tinamuitana mwini shedi, tinamuchenjeza molemba, ndipo sizinachitikenso.

Chakumapeto kwa masiku 90 aja mwini shedi anabwera ndi lisiti ya dipoziti ya malo amene anapeza pafupi ndi msika, pamene amisiri angapo amagawana bwalo limodzi ndi mita imodzi ya magetsi. Anapempha mwezi wina umodzi chifukwa amene anali pamalopo anali asanatuluke. Popeza umboni unalipo, pempholo linaloledwa molemba, ndipo aneba tinawadziwitsa. Shedi anaigwetsa yekha, malata ake n'kukafolera kumalo atsopano. Sipanafunike apolisi kapena galimoto ya khonsolo.

Sindinganene kuti palibe amene anataya kanthu. Lendi ya malo atsopano inamukakamiza kusiya mmodzi mwa anyamata ophunzira aja. Mayi a nkhuku anasamutsira gulu lalikulu ku munda wa achibale awo kunja kwa mzinda, ndipo ndalama ya thiransipoti ikudya phindu lawo. Mtengo wa mtendere wa mumsewuwu unagwera anthu awiri amene analibe zambiri, ndipo zimenezi zimandipweteka ngakhale ndikukhulupirira kuti chigamulo chinali cholondola.

Zimene zatsala

Chimene chikanapeputsa nkhani yonseyi ndi malo. M'mapu ambiri a mizinda yathu muli malo a mafakitale akuluakulu ndi malo a masitolo, koma mmisiri wa makina awiri alibe pake. Ku Kanengo kapena ku Makata sangakwanitse, ndipo makasitomala ake ali kumene anthu akumanga nyumba. N'chifukwa chake amisiri amadzipangira okha malo, monga mmene akalipentala anadzazira ku Mchesi ndi amakaniko ku Biwi mu Lilongwe, kapena amisiri a zitsulo ku Ndirande. TEVETA, chiyambireni mu 1999, yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuwotcherera, ukalipentala ndi umakaniko, ndipo timawalimbikitsa kuti adzilembe okha ntchito. Akamaliza amabwerera ku maploti a makolo awo, kumene ife a mapulani timawapeza ndi kalata. Dera lililonse latsopano likamadulidwa maploti liyenera kukhala ndi kabwalo ka amisiri, kokhala ndi magetsi amphamvu, chimbudzi ndi msewu wolowa lole, pa lendi yoti munthu woyamba kumene angakwanitse.

M'lipoti langa ku komiti ndinapemphanso kuti pakhale kapepala kachidule m'Chichewa, koperekedwa kwa amfumu, makhansala ndi pa kauntala yolipirira malaisensi, konena mafunso amene timafunsa pa bizinesi ya pakhomo. Kodi nyumba ikadali yogonamo? Kodi pali antchito ochokera kunja, ndipo ndi angati? Kodi neba akaima pa malire akumva, akununkhiza kapena akuona chiyani? Kodi msewu ndi ngalande zikugwiritsidwa ntchito ngati sitolo? Munthu akadziwa mafunsowa asanagule makina angadziyankhe yekha, ndipo neba angadziwe dandaulo limene lili ndi mutu. Ofesala nayenso sangagamule mwa nkhope, chifukwa aliyense adzakhala akudziwa muyeso.

Failo ya shedi inatsekedwa titayendera malowo n'kupeza kuti makina ndi malata zachoka ndipo ngalande yatseguka. Ya nkhuku ili m'manja mwa a zaumoyo, amene adzapitakonso mvula ikayamba, chifukwa utuchi ndi ntchentche zimavuta kwambiri nyengo imeneyo. Mwini maminibasi anapeza kogoneka galimoto zake atangolandira kalata yoyamba. Bambo odandaula analandira kalata yawo yokhudza zipinda ziwiri za kuseri, ndipo abweretsa mapulani kuti komiti ione ngati zingavomerezedwe mmene zilili. Chimodzi mwa zipindazo chili pafupi kwambiri ndi malire, ndipo nkhani yake ikuyembekezera msonkhano wotsatira wa komiti.